Mutu Ukakula Sulewa Nkhonya: Kuyeza Ntchito za Atsogoleri a Bradford

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwachokera ku shifiti ya usiku ndipo simunagone, ena mukatuluka muno mukulunjika kuntchito. Ndiyesetsa kuti nthawi yanu isapite pachabe.

Ndiyambe ndi envulopu ija imagwera pakhomo mwezi wa Marichi chaka chilichonse. Ambiri a ife timaitsegula titaimirira, jekete tisanavule, maso n'kuthamangira pa nambala ya pansi. Mu 2025 nambala ija inatidzidzimutsa, chifukwa gawo la khonsolo ya Bradford pa msonkho wa nyumba linakwera ndi 9.99 peresenti. Mwa nthawi zonse khonsolo yonga yathuyi siloledwa kupitirira 4.99 peresenti popanda kufunsa anthu kudzera pa voti, koma boma la ku London linapereka chilolezo chapadera kwa makhonsolo asanu ndi imodzi, ndipo ya Bradford ndi imene inaloledwa kukweza kwambiri kuposa onse.

Sabata imene makalatawo anafika ndinamvera mkangano wa anzanga awiri kuntchito, cha m'ma 3 koloko usiku, okalamba onse atagona. Wina, atagwira kapu ya tiyi ndi manja onse awiri, anati: "Mayi uja watimaliza. Ndalama zathu akumangira maholo a zoimbaimba." Mnzake anaika supuni pansi n'kuyankha: "Iwe, mayi uja walakwanji? Amene anadula ndalama ndi a Conservative, zaka 14 zathunthu." Anakangana mpaka belu la m'chipinda china linalira. Onse awiri ananena zoona. Koma aliyense anatola choona chimene chinamukomera n'kusiya chinzake pansi, ndipo ndi khalidwe limeneli limene ndikufuna tikambirane lero.

Mayi amene ankamunenayo ndi Susan Hinchcliffe wa chipani cha Labour, amene anakhala mtsogoleri wa khonsolo ya Bradford mu 2016. Ndifotokoze pang'ono za mpando wakewo, chifukwa kuno maudindo ndi osokoneza kwa ife ochokera kumudzi. Lord Mayor amene mumamuona atavala unyolo wagolide m'khosi ndi wa mwambo chabe, amasintha chaka ndi chaka. Mphamvu zili ndi mtsogoleri wa khonsolo, amene amasankhidwa ndi makhansala anzake. Makhansalawo alipo 90, atatu pa wodi iliyonse, ndipo dera lawo si mzinda wokha ayi. Kuyambira mu 1974 linaphatikiza Keighley, Ilkley, Bingley ndi Shipley, ndipo pa kalembera wa mu 2021 munapezeka anthu oposa 546,000. Pamwamba pake pali meya wa chigawo chonse cha West Yorkshire, Tracy Brabin, wa Labour yemweyo, amene anasankhidwa mu 2021 n'kusankhidwanso mu 2024. Iye amayang'anira za mayendedwe ndi za apolisi m'makhonsolo asanu: Bradford, Leeds, Wakefield, Kirklees ndi Calderdale. Pamene depoti ya mabasi ya Bradford Interchange inatsekedwa mu Januwale 2024 konkire itayamba kugwa, anthu ambiri amene ankadikira basi pamvula m'mbali mwa misewu ankatukwana khonsolo, chonsecho depotiyo ili m'manja mwa bungwe lotsogoleredwa ndi meya. Munthu ukafuna kuzenga mlandu uyambe wadziwa khomo la mwini mlandu.

Mkangano wa mtundu uwu si wachilendo mumzinda uno. Bradford ndi kumene kunabadwira chipani cha Independent Labour Party mu 1893, patangopita zaka ziwiri chichitikireni sitiraka yaikulu ya pa fakitale ya Manningham Mills. Ndi kunonso kumene khonsolo inatsogolera dziko lonse pophikira ana asukulu chakudya mu 1907. Anthu a kuno akhala akukangana kwa zaka zoposa 100 pa funso limodzi: kodi khonsolo ilipo kuti ichite chiyani, ndipo alipire ndani?

Amene mwakhalitsa kuno mwina munamvapo za Eric Pickles. Anabadwira ku Keighley, analowa m'khonsolo mu 1979, ndipo mu 1988 anakhala mtsogoleri wake. Chipani chake cha Conservative sichinali ndi mipando yoposa ya ena onse pamodzi. Mavoti akafanana, Lord Mayor, amene anali wa chipani chawo, ankaponya voti yodula mlandu, ndipo ndi voti imodzi imeneyo Pickles anayamba kusintha mzinda. Analengeza kuti m'zaka zisanu adula mapaundi 50 miliyoni pa bajeti, achepetsa antchito a khonsolo ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo ntchito zina azipereka kwa makampani. Anthu anadzaza pabwalo la City Hall kuchita zionetsero. Mu 1990 Labour inalandanso khonsolo.

Mpaka lero mukafunsa achikulire awiri za zaka ziwiri zimenezo mudzamva mbiri ziwiri. Wa Conservative adzakuuzani kuti Pickles anapeza khonsolo yotupa, yodya ndalama za anthu, ndipo analimba mtima kuichepetsa. Wa Labour adzakuuzani kuti anasandutsa mzinda wa anthu osauka kukhala munda woyeserapo mfundo za nduna yaikulu ya nthawiyo, Margaret Thatcher. Papita zaka zoposa 35, mlandu sunaole. Ndipo nkhani yake sinathere pamenepo, chifukwa mu 2010 Pickles yemweyo anakhala nduna yoona za maboma ang'ono mu boma la David Cameron, mpaka 2015. Ndi m'zaka zimenezo pamene ndalama zochokera ku London kupita ku makhonsolo zinadulidwa kwambiri. Khonsolo ya Bradford imati kuyambira mu 2011 yakakamizika kudula ndi kupulumutsa mapaundi oposa 350 miliyoni.

Apa ndiime kaye, chifukwa pali chinthu chimene otsutsa a Hinchcliffe sakonda kuchitchula. Kudula ndalama za boma sikupweteka madera onse mofanana. Msonkho wa nyumba umatengera mtengo umene nyumbayo inali nawo mu 1991, ndipo nyumba zimaikidwa m'magulu kuyambira A mpaka H. Yendani ku Manningham, ku Barkerend kapena ku Little Horton, muone mizere ya nyumba zamiyala zogundizana: zambiri zili m'magulu apansi. Khonsolo ya kum'mwera kwa England, kumene nyumba zambiri zili m'magulu apamwamba, ikakweza msonkho ndi 1 peresenti imatolera zambiri kuposa Bradford ikakweza ndi 1 peresenti yemweyo. Komanso Bradford ndi umodzi mwa mizinda imene ili ndi ana ochuluka kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake, ndipo ambiri mwa anawo akukulira mu umphawi. Zosowa n'zambiri, potolera m'pochepa. Mtsogoleri aliyense, kaya wa chipani chanji, akanakhala pampando umenewo akanatuluka thukuta. Umboni wake ndi woti makhonsolo amene agwa m'zaka zapitazi si a chipani chimodzi. Northamptonshire inalengeza kuti ndalama zaithera mu 2018 ili m'manja mwa Conservative, Thurrock mu 2022 chimodzimodzi. Croydon mu 2020, Birmingham ndi Nottingham mu 2023, zinali m'manja mwa Labour.

Ndiye mnzanga wa supuni uja sananame. Koma tsopano ndifike pa zimene a Labour nawonso sakonda kuzimva, ndipo pamenepa ndichedwapo chifukwa ndi pamene pali mtima wa nkhani yonse.

Mwa ntchito zonse za khonsolo, yolemera kwambiri ndi yoteteza ana amene ali pangozi m'nyumba za makolo awo. Mu 2018 bungwe la Ofsted, limene limayendera ntchito zoterezi, linapeza kuti chisamaliro cha ana mu Bradford n'chosakwanira, mlingo wotsikitsitsa pa milingo yake inayi. Apo n'kuti Hinchcliffe atakhala pampando zaka ziwiri. Mu Seputembala 2020 mwana wamkazi wa miyezi 16 anaphedwa ku Keighley, m'nyumba momwe ankayenera kutetezedwa. Sinditchula dzina lake pano, ambiri mukulidziwa. Achibale ndi anansi anali atadandaula kangapo kwa a zachisamaliro cha ana, koma madandaulo awo sanatengedwe ndi kulemera kwake. Khoti litagamula mlanduwo mu Disembala 2021, phungu wa Keighley, Robbie Moore wa Conservative, anali m'gulu la amene anafuna kuti atsogoleri a khonsolo atule pansi udindo. Mu Januwale 2022 boma linalengeza kuti ntchito yosamalira ana ichotsedwa m'manja mwa khonsolo. Ofsted itabweranso, lipoti lake la kumayambiriro kwa 2023 linati zinthu zikadali zosakwanira. Mu Epulo chaka chomwecho bungwe loima palokha, Bradford Children and Families Trust, linatenga ntchitoyo.

Kwathu timati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Chimene chimandiwawa pa nkhani ya mwana uja n'choti agogo ndi anansi anachita zimene mudzi uyenera kuchita. Anaona mabala, analankhula, anabwerezanso. Chimene chinalephera ndi khutu la ofesi. Ndipo khutu limenelo silinagonthe tsiku limodzi. Antchito okhazikika ankachoka, m'malo mwawo n'kubwera aganyu ochokera ku makampani obwereketsa antchito, amene amalipidwa zambiri koma sakhalitsa. Inu amene mumagwira ntchito yosamalira anthu mukuzidziwa bwino zimenezi. Mukudziwa kusiyana kwa munthu amene wasamalira gogo mmodzi kwa chaka, wodziwa kuti akakana phala ndiye kuti m'thupi simuli bwino, ndi munthu wobwera lero kudzatseka mpata, wodziwa dzina la gogoyo kuchokera pa pepala. Mwana amene nkhani yake yadutsa m'manja mwa anthu ambiri amakhala alibe amene akumudziwa.

Kulephera kumeneku n'kumenenso kunaboola thumba. Malipiro a antchito aganyu ndi mtengo wosungira ana m'nyumba za makampani zinakwera mpaka bajeti inasweka. Mu Febuluwale 2024 boma linavomera kuthandiza Bradford ndi mapaundi 220 miliyoni pa zaka ziwiri. Mawu akuti "kuthandiza" asakunamizeni. Sinali mphatso. Chinali chilolezo choti khonsolo ikongole ndalama kapena igulitse katundu wake kuti ilipire zofunika za tsiku ndi tsiku, ngati banja limene lagulitsa munda kuti ligule ufa. Ngongoleyo ili ndi chiwongoladzanja, ndipo adzabweza ndi inu ndi ana anu. Malo ena otayirako zinyalala, monga a ku Ilkley ndi ku Queensbury, anatsekedwa chaka chomwecho. Kenako inabwera envulopu ija.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndiwanena poyera. Kudulidwa kwa ndalama zochokera ku London si mlandu wa Susan Hinchcliffe. Koma pakati pa chenjezo la mu 2018 ndi kulandidwa kwa ntchito mu 2022 panadutsa zaka zoposa zitatu, ndipo zaka zimenezo zinali m'manja mwa utsogoleri wake. Leeds, mzinda woyandikana nafe, wolamulidwa ndi Labour yomweyo, wodulidwanso ndalama ndi boma lomwelo, unali ndi mavuto aakulu pa ntchito yosamalira ana cha m'ma 2009, koma unakonza zinthu mpaka Ofsted inaupatsa mlingo wapamwamba kwambiri mu 2018, chaka chomwe Bradford inapatsidwa wotsikitsitsa. Choncho kusowa kwa ndalama sikufotokoza zonse. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo nkhonya iyi ndi yake.

Nanga za maholo a zoimbaimba zija? Apa mbali zonse ziwiri zimakokomeza. Amene munabwera kuno chisanafike chaka cha 2015 mukukumbukira dzenje lalikulu limene linali pakati pa mzinda, pamene nyumba zinagwetsedwa kuti pamangidwe masitolo, ntchito n'kuima kwa zaka zambiri, mpaka masitolo a The Broadway anatsegulidwa mu Novembala 2015. Amene anaona dzenje lija sangakane kuti pakati pa mzinda pasintha. Magalimoto achotsedwa m'misewu ina, pabzalidwa mitengo, msika watsopano wa Darley Street watsegulidwa, ndipo mu 2025 Bradford inali mzinda wa chikhalidwe wa dziko lonse la United Kingdom, ulemu umene inapambana mu 2022. Nyumba yakale ya kanema ya Odeon, imene inatsegulidwa mu 1930 n'kutsekedwa mu 2000, inatsala pang'ono kugwetsedwa, lero yakonzedwa kukhala holo ya zoimbaimba ndipo ikutchedwa Bradford Live. A Labour akamaloza zimenezi sakuloza mphepo.

Otsutsa amati ndalama zimenezo zikanapita kwa ana. Kunena zoona, malamulo a kuno amalekanitsa thumba la zomangamanga ndi thumba la malipiro ndi ntchito za tsiku ndi tsiku. Ndalama zokonzera misewu ya pakati pa mzinda, mwachitsanzo, zinachokera ku thumba la boma la za mayendedwe, ndipo sizikanatheka kulipirira wosamalira ana ngakhale mmodzi. Koma a Labour nawo asabisale kumbuyo kwa lamulo limeneli, pakuti khonsolo ikamanga ndi ndalama zokongola, kubweza kwake kumachokera m'thumba lomwe lija la tsiku ndi tsiku. Bradford Live inadya mapaundi pafupifupi 50 miliyoni, kuposa zimene zinanenedwa poyamba, ndipo kampani ya NEC Group imene inkayenera kuiyendetsa inachoka mu 2024 nyumbayo isanatsegulidwe, mpaka kunapezeka ina, Trafalgar Entertainment. Munthu wa ku Keighley amene akuona zonsezi zikumangidwa pakati pa Bradford, msonkho wake ukukwera, ali ndi chifukwa chofunsira. N'chifukwa chake mfundo ya Robbie Moore yoti Keighley ndi Ilkley zichoke mu khonsolo ya Bradford imapeza omvera, ngakhale kuti ine sindikhulupirira kuti kugawa mphika kumachulukitsa nsima.

Ife Amalawi matenda awa tikuwadziwa, ndipo ndinganene kuti tinabwera nawo m'chikwama. Kwathu mukatchula dzina la mtsogoleri aliyense, wina amayamba kuwerenga misewu, wina amayamba kuwerenga maliro. Tchulani Bingu wa Mutharika: uyu adzakamba za makuponi a feteleza a mu 2005 ndi chimanga chodzaza nkhokwe, uyo adzakamba za mizere ya mafuta ndi anthu 20 amene anaphedwa pa zionetsero za mu Julayi 2011. Zonsezo zinachitika, mu ulamuliro wa munthu mmodzi. Koma pali china chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri. Tinazolowera kuyang'ana ku Lilongwe kokha. Makhansala amene tinasankha mu 2000 nthawi yawo itatha mu 2005, dziko linakhala lopanda makhansala mpaka 2014, zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ambiri a ife sitinaone kuti pasoweka kanthu. Chitukuko tinachisandutsa chinthu chooneka ndi maso, chodula riboni: mlatho, buloko ya sukulu, mjigo wolembedwa dzina la phungu. Mankhwala a m'chipatala, malipiro a mphunzitsi, mwana wamasiye amene palibe akumuyendera, zimenezi sizikhala ndi chikwangwani, ndiye siziwerengedwa pa kampeni. Ndikamamva a kuno akukangana za Bradford Live kwa ola lathunthu, za ana osungidwa ndi khonsolo n'kungodutsapo, ndimaona kuti kusiyana kwathu ndi iwo n'kochepa kuposa mmene timaganizira.

Pali chifukwa chake ndikukuuzani zonsezi inuyo. Malawi ali mu Commonwealth, ndipo lamulo la kuno limalola nzika ya dziko la Commonwealth imene ikukhala kuno movomerezeka kulembetsa ndi kuvota, pa chisankho cha makhansala, cha meya, ngakhale cha aphungu. Sufunika kudikira pasipoti ya Britain. Ndakumana ndi abale ambiri amene akhala kuno zaka zisanu, akulipira msonkho wa nyumba mwezi ndi mwezi, koma sakudziwa kuti ali ndi ufulu umenewu. Ena amadziwa koma amati ndale za eni dziko n'zosatikhudza. Zikutikhudza kuposa ambiri. Ndalama zimene khonsolo imalipira makampani osamalira okalamba ndi zimene zimasanduka malipiro athu. Basi imene imatifikitsa ku shifiti ya 7 koloko m'mawa ili pansi pa meya, amene mu Marichi 2024 anaganiza zoti mabasi a West Yorkshire abwerere m'manja mwa boma la chigawo. Ana athu ali m'sukulu za kuno. Ndipo mavoti a kuno amasuntha zinthu: mu Meyi 2024 Labour inataya mipando ingapo m'mawodi a mkati mwa mzinda kwa anthu oima paokha, makamaka chifukwa cha mkwiyo wa anthu pa nkhondo ya ku Gaza. Anthu amene ankaonedwa ngati mavoti a m'thumba anaonetsa kuti sali m'thumba la munthu.

Amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ife tilibe agogo amene anachita nawo sitiraka ku Manningham Mills, tilibenso amalume amene anachotsedwa ntchito nthawi ya Pickles. Sitinabadwire mu chipani chilichonse cha kuno. Zimenezi zimatipatsa mpata umene anzathu obadwira kuno ambiri alibe, woyang'ana ntchito ya mtsogoleri popanda kuyamba tafunsa mtundu wa nsalu imene wavala. Tingathe kunena pakamwa pamodzi kuti London inamana Bradford, ndiponso kuti utsogoleri wa Bradford unalephera ana ake, osaopa kuti wina atiyesa ogulidwa.

Chisankho cha Meyi 2026 chinakonzedwa kuti mipando yonse 90 ipikisanidwe nthawi imodzi chifukwa malire a mawodi anasinthidwa, pamene mwa nthawi zonse amasankha gawo limodzi mwa magawo atatu. Kulembetsa kumatenga mphindi zochepa pa intaneti, ndipo tsiku lovota mudzafunika chiphaso chokhala ndi chithunzi chanu, monga pasipoti. Miyezi ingapo chisankho chisanafike adzayamba kugogoda pazitseko zathu, atanyamula timapepala. Wa Labour adzakuonetsani chithunzi cha msika watsopano. Wa Conservative, wa Reform, wa Green, wa Liberal Democrat kapena woima payekha adzakuonetsani nambala ya 9.99. Musawatsekere chitseko. Ine ndakonza kale zimene ndidzamufunse aliyense wa iwo ataima pakhonde langa. Ndidzamufunsa kuti ngongole ija akufuna kuibweza bwanji, ndipo atseka chiyani kuti aibweze, atchule dzina la malowo. Kenako ndidzamufunsa kuti mwana mmodzi wosungidwa ndi boma mu Bradford amadutsa m'manja mwa antchito angati pa chaka, ndipo iye akalowa m'khonsolo adzachita chiyani kuti wantchito wabwino asathawire ku Leeds. Akayamba kundiuza za zolakwa za chipani china, ndidzamudikira amalize, kenako ndidzabwereza funso langa.

Mafunso ndi olandiridwa, ndipo amene akufuna kulembetsa lero tithandizana kumbuyo kuno tikamamwa tiyi.